Mlendo ndi mame: pulojekiti ikatha, chimatsala n'chiyani?



Pa 12 Ogasiti chaka chilichonse dziko lonse lapansi limakumbukira tsiku la achinyamata, monga lidagwirizanira bungwe la United Nations m'chaka cha 1999. Tsikuli likafika, m'mabwalo mwathu mumadzikidwa matenti, zimkuzamawu zimalira, ndipo achinyamata ovala malaya ofanana amavina ndi kuchita masewero pamaso pa alendo olemekezeka. Mlendo wamkulu akaimirira amanena kuti achinyamata ndiwo atsogoleri a mawa, anthu n'kuwomba m'manja. Dzuwa likapendeka matenti aja amazulidwa, aliyense n'kulandira botolo la chakumwa ndi kandalama koyendera. Kukacha, mnyamata wa ku Kawale ali pa siteji kuitanira minibasi monga mwa masiku onse, ndipo mtsikana wa kwa Chinsapo ali pamzere wa madzi ndi ndowa yake. M'malingaliro athu a sabata ino tifuna tifunsane funso limodzi: mwa ntchito zonse zimene zakhala zikubwera m'dzina la achinyamata, ndi ziti zimene zimakhalitsa, nanga zimakhalitsa chifukwa chiyani?

Funsoli si laling'ono. Kalembera wa m'chaka cha 2018 adapeza kuti m'Malawi muno mudali anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo oposa theka adali osakwana zaka 18. Mumzinda wa Lilongwe mokha mudali anthu pafupifupi miliyoni imodzi, ambiri mwa iwo okhala m'madera othithikana monga athuwa. Ndondomeko ya boma imati wachinyamata ndi aliyense wa zaka zoyambira 10 kulekeza 35. Tikatero tiona kuti achinyamata si kagulu kapadera koyenera kukumbukiridwa tsiku limodzi pachaka. Iwo ndiwo dziko lenilenilo. Ntchito yowathandiza ikalephera, lalephera ndi dziko.

Tiyambe ndi zimene makolo athu adaona. Mu 1963 lidakhazikitsidwa gulu la Malawi Young Pioneers, lomwe anthu ankangoti apayoniya. Cholinga chake cholembedwa chidali chabwino: kuphunzitsa achinyamata ulimi wamakono, umisiri ndi mwambo m'malo ophunzitsira monga Nasawa ku Zomba, ndipo alipo ena amene adapindula nako. Koma gululo lidali la chipani, silidali la achinyamata. Lidapatsidwa mfuti, ndipo anthu amalikumbukira kwambiri chifukwa choima pazipata za misika n'kumafunsa makadi a chipani. Mu Disembala 1993 asilikali a dziko lino adawalanda zida apayoniya pa ntchito ija idatchedwa Bwezani, gululo n'kuthera pomwepo pamodzi ndi zabwino zake zomwe. Chimodzimodzinso sabata ya achinyamata, imene ana asukulu ankalambula misewu ndi kukonza milatho: idatha ndi ulamuliro umene udaibweretsa, pakuti anthu ankaigwira molamulidwa.

Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera, Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa National Youth Council of Malawi mu 1996 kuti izilembetsa ndi kulumikizitsa mabungwe a achinyamata. Mu 2010 boma lidatsegula thumba la ngongole za achinyamata la YEDEF. Ambiri mwa amene adalandira ngongolezo adaziyesa mphatso ya ndale, kotero kubweza kudavuta. Mu 2014 thumbalo lidaphatikizidwa ndi lina n'kukhala MEDF, ndipo mu 2020 dzina lidasinthanso kukhala NEEF. Mayina akhala akusintha ndi maboma, koma mnyamata amene alibe chikole kapena womudziwa akadali kunja kwa chitseko. Phunziro loyamba ndi limeneli: chinthu chimene mwini wake ndi wandale chimakhala masiku amene wandaleyo akhale pampando.

Mbali ina ya thandizo yakhala ikuchokera kunja, ndipo pano tiyenera kulankhula moyamikira, pakuti akuluakulu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Amene tili ndi zaka za m'ma 30 tikukumbukira maliro a tsiku ndi tsiku a nthawi imene mankhwala otalikitsa moyo adali a anthu olemera okha. Kuyambira 2004 mankhwalawa adayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma ndi thandizo la thumba la Global Fund, ndipo ndondomeko ya PEPFAR ya dziko la America, yomwe idayamba mu 2003, idathandiza kulipira ogwira ntchito, zipangizo zoyezera magazi ndi mabungwe ambiri. Mu 2006 pachipatala chachikulu cha Kamuzu Central padatsegulidwa chipatala cha ana cha Baylor. Mu 2019 atsikana a zaka 9 adayamba kulandira katemera wowateteza ku khansa ya khomo la chiberekero. Ana amene akadamwalira asadayambe sukulu lero ndi aphunzitsi, amakanika ndi makolo. Amene anganyoze zimenezi sadaone manda a m'zaka za m'ma 1990.

Koma akuluakulu omwewo adatinso mlendo ndi mame. Pa 20 Januwale 2025 boma latsopano la America lidalamula kuti thandizo lopita kumayiko ena liyambe laima, ndipo patangopita masiku ochepa mabungwe ambiri adalandira makalata oti asiye ntchito. Pofika Julaye chaka chomwecho bungwe la USAID lidatsekedwa. Kuno kwathu alangizi ndi anthu ena ogwira ntchito m'mabungwe adabwerera kunyumba, ndipo misonkhano ina ya achinyamata idangozilala popanda wotsanzika. Chigamulo chidapangidwa ku Washington, koma amene adachimva m'thupi ndi mtsikana wa ku Mgona amene sadafunsidwe kalikonse. Sitikunena izi modandaula ndi eni ndalamazo, chifukwa ndalama ndi zawo. Tikungokumbutsana kuti nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Phunziro lachiwiri ndi limeneli: chinthu chimene mwini wake ndi mlendo chimakhala masiku amene mlendoyo akhale pakhomo.

Nanga chimene chimakhalitsa n'chiti? Tiyeni tione zitsanzo zimene tili nazo pafupi.

A Baylor adayambitsa pano pa Lilongwe magulu otchedwa Teen Club, a achinyamata amene ali ndi kachirombo ka HIV ndipo adauzidwa kale za mmene alili. Amakumana Loweruka, kuti asajombe kusukulu. Tsiku lomwelo amaonana ndi dokotala, amalandira mankhwala, amasewera ndi kukambirana zimene sangathe kunena kwina kulikonse: mmene angamwere mankhwala pasukulu yogonera komweko, mmene angauzire bwenzi, mmene angapiririre mawu onyoza. Njirayi idafalikira m'zipatala zambiri m'dziko muno, ndipo kafukufuku wina wochitikira ku Zomba adaonetsa kuti achinyamata a m'magulu amenewa sataya mankhwala mofanana ndi anzawo amene sali m'gulu. Mphamvu yake ili poti amene adakulira m'gululo amabwerera kudzakhala alangizi a ang'ono awo. Ndalama ikhoza kuchepa, chakudya cha masana chikhoza kusowa, koma mnyamata amene adaphunzira kuyendera mnzake amene wasiya kumwa mankhwala sadzaiwala njira ya kwawo kwa mnzakeyo.

Chitsanzo chachiwiri chili ku Area 23, kumene a Salesian ali ndi sukulu ya ntchito zamanja ya Don Bosco. Munthu amene sukuluyi idatengera dzina lake, Yohane Bosco, adayamba kusonkhanitsa anyamata osowa pokhala mumzinda wa Turin ku Italy mu 1841. Ankawapezera ntchito, n'kumasainirana mapangano ndi owalemba kuti asamawamenye kapena kuwadyera masuku pamutu, ndipo pambuyo pake adawatsegulira malo ophunzirira kusoka nsapato ndi zovala. Mu 1854 kolera atavuta mumzindawo, anyamata akewo adadzipereka kukasamala odwala pamene anthu ambiri ankathawa. Ndipo mu 1859, pokhazikitsa chipani chake, sadakasake akatswiri kutali: mamembala oyamba adali anyamata omwe aja adawalera, ambiri a zaka za m'ma 20. Iye adamwalira mu 1888, koma ntchito yake idafika mpaka kuno chifukwa adaisiya m'manja mwa amene idawathandiza.

Chitsanzo chachitatu tonse tikuchidziwa, chifukwa timakhalamo sabata iliyonse. Pakati pa 1973 ndi 1975 Ambuye Patrick Kalilombe, amene panthawiyo adali Episkopi wa Lilongwe, adatsogolera msonkhano wa dayosizi yonse umene udabala miphakati. Maganizo ake adali oti anthu oyandikana nyumba azitumikirana okha ndi kudzidalira okha, osadikira wansembe wochokera kutali kapena ndalama za kunja. Papita zaka zoposa 50, ndipo palibe amene adalandirapo alawansi chifukwa chopita kumphakati, komabe wina akadwala kapena maliro akagwa, mphakati ndiwo umayamba kufika. Amayi athu a banki m'khonde akutiphunzitsa zomwezo: ndalama ndi zawo, buku ndi lawo, ndipo wobweza mochedwa amayankha kwa anzake amene amakumana nawo pachitsime. N'chifukwa chake ngongole ya pakhonde imabwezedwa pamene ya boma imazembedwa.

Zitsanzo zitatuzi zikunena chinthu chimodzi. Ntchito imakhalitsa pamene amene ikuwathandiza ali ndi udindo weniweni m'kati mwake, ali ndi kanthu kawo kamene adaikamo, ndipo akuphunzitsa owatsatira. Apa ndiye pagona kusiyana kwa kutenga nawo mbali ndi kungopezekapo. Wongopezekapo amasaina dzina lake papepala, amajambulidwa chithunzi, n'kulandira envulopu. Wotenga nawo mbali amadziwa kuti ndalama zidabwera zingati, adagwirizana nawo zochita, ndipo zikalakwika amafunsidwa. Mabungwe ambiri amalemba m'malipoti awo kuti adafikira achinyamata zikwi zakutizakuti. Funso labwino likadakhala loti ndi angati mwa achinyamatawo amene adaonapo bajeti ya pulojekitiyo.

Pa nkhani ya umoyo kusiyanaku kumaoneka ndi maso. Kuyambira 2007 Unduna wa Zaumoyo uli ndi mfundo zoti zipatala zizilandira achinyamata mwaulemu ndi mwachinsinsi. Mu 2015 lidakhazikitsidwa lamulo loti munthu asalowe m'banja asadakwanitse zaka 18, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko adasinthidwa kuti agwirizane nalo. Ndondomeko yolola mtsikana amene wabereka kubwerera kusukulu idayamba kale mu 1993. Pali nambala yaulere ya 116 imene mwana wozunzidwa angaimbe. Zonsezi zilipo. Komabe kafukufuku wa boma wa 2015 ndi 2016 adapeza kuti atsikana 29 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 adali oyembekezera kapena adali atabereka kale. Ndipo sukulu zitatsekedwa mu 2020 chifukwa cha Covid-19, boma lidalengeza kuti atsikana oposa 40,000 adatenga mimba, ndipo maukwati a ana adafika pafupifupi 13,000. Lamulo lidalipo, koma lidali m'kabati.

Chimene chimatulutsa lamulo m'kabati ndi munthu. Ku Dedza malemu Inkosi Kachindamoto adathetsa maukwati a ana mazanamazana, ndipo sadachite zimenezi ali muofesi: adali ndi amayi ndi abambo m'midzi amene ankamudziwitsa mtsikana akasowa m'kalasi. M'matauni mwathu muno mulibe mfumu ya mphamvu zotero, koma muli ife. Mtsikana wa zaka 15 amene akuopa kupita kuchipatala cha Kawale kapena cha Area 25 sasowa chikwangwani chomuuza kuti chipatala chilipo. Akuopa kukumana ndi oyandikana nawo pamzere, akuopa kukalipiridwa, akuopa kuti nkhani ifika kwa bambo ake iye asadabwerere. Akusowa mnzake womuperekeza. Mnyamata amene wathera ndalama ya lendi kubetcha mpira, nayamba kudzipatula ndi kulankhula zofuna kudzipha, sangadzitengere yekha kwa a St John of God ku Area 43. Amafunika wina womuzindikira msanga ndi kupita naye. Ntchito imeneyi ilibe alawansi, ndipo palibe boma la kunja limene lingailetse.

Tikumbukirenso kolera wa 2022 ndi 2023, amene adadwalitsa anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700 m'dziko muno. Mu Januwale 2023 sukulu za mumzinda uno zidachedwa kutsegulidwa chifukwa cha matendawa, ndipo mu Febuluwale kampeni ya Tithetse Kolera idakhazikitsidwira ku Mgona. Katemera, kolorini ndi matenti zidachokera kuboma ndi kumabungwe, ndipo zidapulumutsa miyoyo. Koma ngalande yotsekeka ndi zinyalala, chitsime chokumbidwa pafupi ndi chimbudzi, ndi ndowa ya madzi akumwa yosavundikira zili m'makomo mwathu chaka chonse, mvula ikadzagwanso zidzatipeza momwemo. Anyamata a ku Turin aja sadadikire kuti wina awalembe ntchito.

Tikudziwa kuti wina anena kuti n'kosavuta kunyoza alawansi uli wokhuta. Mawuwo ndi oona ndipo tiyenera kuwamva. Mnyamata wa kabaza akasiya njinga yake tsiku lonse kuti akakhale pamaphunziro, kunyumba kwake sikuphikidwa kanthu, ndipo kumubwezera zimene wataya ndi chilungamo. Cholakwika chimayamba pamene envulopu yasanduka cholinga, pamene anthu omwewo amazungulira misonkhano yonse ya mabungwe osiyanasiyana osagwiritsa ntchito ngakhale chimodzi cha zimene adaphunzira, ndiponso pamene gulu limabadwa chifukwa kwamveka ndalama, n'kufa tsiku limene ndalamazo zatha.

Winanso anena kuti kuuza achinyamata kuti adzidalire ndiko kumasula boma pa udindo wake. Ayi ndithu. Banki m'khonde singagule mankhwala a dziko lonse, ndipo mphakati sungalembe anamwino ntchito. Mu 2001 atsogoleri a mayiko a mu Africa adalonjeza ku Abuja kuti azipatula 15 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya bajeti kupita ku zaumoyo, ndipo kwa zaka zambiri bajeti yathu yakhala ikuperewera pa lonjezolo. Koma boma limamva anthu amene ali pamodzi ndipo akudziwa chimene akufunsa. Onani bungwe la TEVETA, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1999: lakhalitsa chifukwa lamulo lidalipatsa ndalama yochokera m'dziko momwe muno, imene olemba anthu ntchito amapereka molingana ndi malipiro a antchito awo. Zoterezi ndizo achinyamata ayenera kumenyera. Tisaiwale kuti kalata ya Maepiskopi ya pa 8 Malichi 1992 itawerengedwa, oyamba kutuluka poyera kuikhalira kumbuyo adali ophunzira a ku Chancellor College. Wachinyamata amene amangodzipaka penti pamsonkhano wa chipani n'kulandira ya mowa saopsa aliyense. Amene amafunsa za bajeti ndiye amamvedwa.

Tsono tichitenji? Choyamba, tidziwe mipando imene ilipo kale. Wodi iliyonse ili ndi khansala ndi komiti ya chitukuko, chipatala chili ndi komiti yoimira anthu a m'dera, sukulu ili ndi komiti yake. Gulu lililonse la achinyamata lidziwe tsiku limene makomitiwa amakumana ndipo litumizeko munthu wodzabweretsa lipoti. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito mu 2020, kotero kufunsa mmene ndalama za chitukuko cha m'dera zayendera si mwano. Safunsa adadya phula.

Chachiwiri, bungwe lililonse likabwera ndi pulojekiti, tililandire ndi manja awiri, koma tilifunse mwaulemu mafunso atatu: ntchitoyi idzatha liti, ikadzatha zipangizo ndi mabuku zidzatsala ndi yani, ndipo ndani mwa ife amene aphunzitsidwe kuti adzaipitirize. Bungwe la zolinga zabwino lidzakondwa ndi mafunso amenewa.

Chachitatu, gulu lililonse likhale ndi thumba lakelake, ngakhale laling'ono motani, ndi buku limene membala aliyense angathe kuliona. Msungichuma aziwerenga poyera zolowa ndi zotuluka mwezi uliwonse. Amene sadaphunzire kusamala ndalama zochepa za anzake sadzasamala mamiliyoni a boma. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Chachinayi, aliyense amene ali ndi luso atenge mmodzi womuphunzitsa. M'magalaja a ku Biwi anyamata ambiri aphunzira umakanika popanda pulojekiti iliyonse, pongogwirizira sipanala kwa mkulu wawo. Telala, kalipentala, wowotcherera zitsulo ndi wokonza mafoni achite chimodzimodzi, ndipo wophunzirayo alimbikitsidwe kukalemba mayeso a ntchito zamanja kuti luso lake likhale ndi pepala. Wophunzitsayo asamusandutse kapolo, monga Yohane Bosco ankakanira.

Pamene mukumana m'magulu mwanu sabata ino, kambiranani mafunso awa. Mwa ntchito za achinyamata zimene zidabwera m'dera lanu m'zaka zisanu zapitazi, ndi ziti zimene zikadalipo, ndipo akuziyendetsa ndani? Kodi gulu lanu likadakumana mwezi wamawa ngati palibe aliyense wakunja wolipatsa kanthu? Ndi mnzanu uti amene wasowa pakati panu masiku ano, ndipo ndani apite kukamuona lisadafike Lamulungu?

Tikufunirani sabata yamtendere. Ambuye akudalitseni inu ndi mabanja anu.